Malo Ako, Tsitsi Lako

Kabwata, Lamulungu masana

Tiyamike mwana wanga,

Watuluka osanena kumene ukupita, ndipo ine ndatsala pa kampando kathu ndi chipeso ndi botolo la mafuta, kudikira mutu woti ndiluke. Ukudziwa kuti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ntchito yathu ndi imeneyi: iwe pamphasa, ine pampando, mutu wako pakati pa mawondo anga, iwe kudandaula kuti ndikukoka, ine kukugogoda ndi chipeso. Lero mutu wathawa, ndiye manja atola cholembera. Kalatayi ndiibisa m'kati mwa bulangete m'thiranki yako kuti ukaipeze uli kale kusukulu, chifukwa ndikamalankhula nawe maso ndi maso umangoti "Mami naimwe" n'kuyang'ana kudenga.

Mawa m'mawa uyenera kukwera basi pa siteshoni ya Intasite kupita ku sukulu ya boma ya atsikana ija, yogonera konko, imene imatenga okhawo amene akhoza kwambiri mayeso a Giledi 9. Sukulu imeneyi ndinaipempherera mpaka mawondo anada. Mulungu wayankha, koma paja walira mvula walira matope. Chipinda chathu chino cha kuseri kwa nyumba ya eni ake n'chaching'ono moti wina akayetsemula mnzake amapukuta nkhope, koma kuyambira mawa chindikulira. Ndikuopa kukhala ndekha, ndipo sindikubisira.

Ndalemba kuti uyenera kukwera chifukwa mpaka pano sindikudziwa ngati ukweradi. Ukapanda kukwera, kalatayi uipeza pomasula katundu, ndipo uiwerengebe.

Lachinayi lija tinapita kumsika wa Kabwata kukatenga masiketi ako a yunifolomu kwa bana Bupe, telala wathu. Mayi amene uja wakhala mnansi wathu kuyambira usanayambe kuyenda, ndipo iwe ndi mwana wake Bupe mwakulira limodzi, kalasi imodzi, kunyemerana chitumbuwa chimodzi. Mayeso munalembera chipinda chimodzi. Iwe unadutsa mzere wa mamalikisi amene sukulu ija imafuna, Bupe anaperewera pang'ono chabe, ndiye amuika pa sukulu yoyendera ya konkuno. Bana Bupe anapinda masiketi aja bwinobwino, sanalakwitse ngakhale msoko umodzi, kenaka analankhula maso ali pa makina.

"Tengani, ba neba. Ise tiziba mwamene vimayendela. Mwana wa nkhanda yoyela safeluka mu Zambia. Batate bake batuma ma dola, ba hedi baona chabe kasinapu, pulesi yapezeka. Bana batu ise bakuda ni bosokela banzao ma yunifomu."

Anatsitsa mawu, koma ndi makutu anga otambalalawa, amene kwathu ku Katete ankandiseka nawo kuti amamva mvula ya ku Mozambiki, ndinamva zonse. Nawenso unamva kuti akunena za khungu lako loyera. Titafika pakhomo unandifunsa kuti, "Mami, iyi pulesi ni yanga zoona, olo banipasa chabe ndaba ya nkhanda?" Ine ndinakhala ngati ndatanganidwa ndi mbaula. Ndiye unati, "Ngati ni so, ine siniyenda. Bapase Bupe." Kuyambira tsiku limenelo thiranki sunaikhudze, ndalongedza ndekha. Funso lako ndinalithawa chifukwa yankho lake si lalifupi. Nali tsopano, ndipo uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mmene umadumphira mapoto potsuka mbale.

Tiyambe ndi madolawo. Bambo ako anali mzungu wa ku Joni amene anabwera kudzaika mafiriji m'masitolo akuluakulu a m'tauni, ine ndikugulitsa tiyi ndi mabanzi kwa antchito ake pageti. Mimba itayamba kuoneka, ntchito yake nayo inatha, munthu n'kukwera ndege. Chichokere sanatumize ngakhale phini ya thewera. Ngati bana Bupe akudziwa kumene madola akewo amagwera, andilozere ndikatole, pakuti denga likudontha. Ndipo amene anachonga mapepala ako sanakuone nkhope. Anaona masamu ako, amene unawaphunzira ndi tochi ya foni magetsi atazima, udzudzu ukukudya miyendo. Malo aja ndi ako, Tiya. Palibe anakugulira, palibe anakagwada mu ofesi ya munthu chifukwa cha iwe. Ichi uchigwire kaye ndi manja awiri, chifukwa zimene zikubwerazi zikugwedeza.

Bana Bupe ananama pa madola, koma pa khungu sananame kwenikweni, ndipo mboni yake ndine. Uli wakhanda ndinapita nawe kusikelo. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, amayi atatambalala pansi ndi ana olira. Nesi wina anatuluka, anaona kamutu kako ka tsitsi lofewa kakusuzumira m'chitenje, n'kundikodola. "Iwe, bwela kusogolo. Ba madamu bako bazakukalipila ukachedwa na mwana wao." Anandiyesa wantchito wobereka mwana wa abwana. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinati, "Zikomo, ba nesi," n'kudumpha miyendo ya amayi anzanga. Mwezi wotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, ndi winawo. Kunyumba ndinkafika msanga, inde, koma ndinkasiya umayi wanga pageti la kiliniki. Mmodzi mwa amayi amene ndinkawadumpha aja anali bana Bupe, Bupe ali kumsana. Anasunga mumtima, ndipo Lachinayi lija wangotulutsa. Choncho usamuone ngati mfiti, ndi munthu amene anaona ndi maso ake khomo likukutsegukira lokha. Khomo likadzakutsegukira choncho, uzicheuka kaye uone amene aima kumbuyo kwako.

Ndipo chiyambire nthawi imeneyo palibe munthu, kaya m'basi kaya ku tchalitchi, amene ananenapo kuti umafanana nane. Ena amafunsa molunjika kuti mwanayu ndi wa ndani. Ndinazolowera kuyankha moseka, koma sizinasiye kuwawa.

Chachiwiri si khungu, ndi thumba. Ba Mwamba, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, ndi akuda ngati ine ndemwe, mwinanso kundiposa, koma kwawo magetsi sazima chifukwa denga lonse ndi masola. Mwana wawo Kangwa, wa msinkhu wako, ankaphunzira pa sukulu yolipira ku Woodlands, ndipo Loweruka lililonse mphunzitsi ankabwera kunyumba kudzamuphunzitsa payekha masamu ndi sayansi. Ukukumbuka mmene unalowereramo. Unabwera kudzandithandiza kusita, n'kuyankha funso uli pakhomo la khitchini, Kangwa akuyasamula. Ba madamu anaseka n'kunena kuti, "Mulekeni ankhale pa tebulo, kapena uyu waulesi azamvela nsoni." Kuyambira pamenepo unakhala kumapeto kwa tebulo lija mpaka mayeso, kulandira maphunziro amene sindikanakugulira ngakhale ndikanasita zovala za Kabulonga yonse. Loweruka lomwelo Bupe ankakhala kumsika, kusita mayunifolomu a ana a eni ake ndi simbi yamakala ndi kusokerera mabatani.

Cholakwa changa pamenepa n'chopusa moti ndikuchita manyazi kuchilemba. Kangwa akamaliza mapepala a mayeso akale, ba madamu ankandipatsa kuti ndikataye. Ndinkabwera nawo kuno, iwe n'kusankhapo amene ukufuna, otsalawo ine n'kumayatsira mbaula. Anali mapepala abwino, oyaka msanga. Bupe ankabwera kudzapala moto pa mbaula yomweyo, ine n'kumamufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Sindinamumane dala, sindinangomuganizira, ndipo ndaona kuti kusamuganizira munthu kumapweteka chimodzimodzi ndi kumumana. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndaudziwa kuyambira ndili kamtsikana, koma pa mbaula paja unandithawa. Pang'ono pamene Bupe anaperewera paja mwina panapsera m'manja mwanga.

Kangwa nayenso wasankhidwa, ku sukulu ya boma ya anyamata yonga yakoyi. Tsiku lina ndikukolopa ndinafunsa ba madamu, mwaulemu ndithu, chifukwa chake akumutumiza ku sukulu ya boma pamene angathe kumulipirira kulikonse kumene angafune. Anati, "Nanga sanapase, bana Tiya? Na ise timalipila misonkho." Sananame. Mwanayo anakhoza, ndipo si mwana woipa. Koma ndinakolopa pamalo amodzi nthawi yaitali.

Nkhani imeneyi si ya pa Kabwata pokha. Sabata yatha m'minibasi yopita m'tauni abambo awiri anatsala pang'ono kugwirana makolala. Wina ankati mamalikisi ndi mamalikisi, kutsitsira ena mzere n'kubera ana amene anadzivutitsa kuwerenga. Mnzakeyo ankati sukulu zimenezi ndi za boma, azisiyako malo a ana a m'makomboni ndi a kumidzi, chifukwa ana a m'mayadi angathe kupita kwina. Kondakitala ndiye anawaweruza: "Ba bosi, lipilani poyamba, mukangane bwino." Ine ndinangogwira chikwama changa pamwendo, ndikuganiza za iwe. Akagawa poyang'ana khungu, iwe akuponyera mulu umodzi ndi ana a m'mipanda ya waya wamagetsi, pamene umasamba m'beseni. Akagawa poyang'ana thumba, iwe ndi Bupe mulowa nonse, Kangwa n'kutsala ngakhale anakhoza. Akagawa ndi mamalikisi okha, monga achitiramu, watsala ndi Bupe. Paliponse pali mayi wina amene alira. Ine sindine wa boma ndipo sukulu ndinasiyira panjira, koma akanandibwereka mpandowo tsiku limodzi, ndikanafunsa mwana aliyense kuti ankawerengera nyale yanji, ndiponso kuti Loweruka ankakhala kuti.

Ndiye yankho lako ndi ili. Malo ndi ako, koma simunayambire pamodzi kuthamanga. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo uzinyamule zonse, usatule chimodzi chifukwa chalemera.

Usaganizenso kuti khungu lakolo limangotsegula makomo. Ukukumbuka pamene tinapita ku komiti ija yothandiza ana ovutika ndi ndalama zogonera kusukulu? Ine ndi umbuli wanga, poti ndinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu sapitapo ndi nsanza, ndinakuveka diresi yabuluu ija anakupatsa ba madamu, nsapato zopukuta mpaka kuwala, tsitsi nditalimasula likugwera pamapewa. Kupita kokapempha thandizo la amphawi titatchena ngati tikupita ku ukwati! Bambo amene anakhala pakati uja anakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Amai, ise tithandiza bana bovutika. Uyu muuzeni atumile foni batate bake." Anthu anaseka. Iwe unadzigwira mpaka pa siteshoni, m'pamene unalira. Chatipulumutsa ndi chilimba, ndalama zimene timasonkherana mosinthana ndi amayi a ku tchalitchi, amene anavomera kuti mwezi uno ndilandire ine ngakhale sinali nthawi yanga. Khungu lomwe lija linatidumphitsa mzere kusikelo ndi limene latichotsa pamzere wa amphawi.

Kusukulu kumeneko ena adzakuyesa wolemera n'kukuyandikira, ena adzakuyesa wolemera n'kukuda. Onsewo usawanamize. Akakufunsa za bambo ako, unene kuti sunawaonepo. Akakufunsa za ine, unene kuti ndimakolopa ku Kabulonga ndipo timakhala ku Kabwata kuseri kwa nyumba ya anthu. Tsiku lochezera ana ndikadzafika ndi chitenje changa ndi kachikwama ka mbatata, pakati pa magalimoto a makolo a anzako, usadzanene kuti ndine wantchito wa kwanu. Ndikudziwa kuti lero ukuti sungachite zimenezo. Nanenso ndinkati sindingachite, mpaka nesi anandikodola.

Tsopano za kukana kwakoko. Ukuganiza kuti ukakhala pakhomo, a hedi akwera basi kubwera ku Kabwata kudzafunafuna Bupe? Mwana wanga, dziko silinaumbidwe choncho. Pali makolo ku Woodlands ndi ku Avondale amene magalimoto awo aloza kale kugeti, akungodikira kumva kuti mwana wina sanafike. Malo ako atenga mwana amene kwawo magetsi sazima, ndipo ku Kabwata kukhala atsikana awiri olira m'malo mwa mmodzi. Chimenecho si chilungamo, ndi kutaya ufa chifukwa choti mnzako alibe. Upite, Tiya. Ngati mtima ukukuwawa chifukwa cha Bupe, usaufunire mankhwala, uusiye uwawe. Ndi umene udzakukumbutsa kukopera manotsi kawiri ndi kubwera nawo pa holide. Usadzayatsire mbaula chinthu chimene mnzako akuchisowa.

Bupe mwina adzakuzizirira, ndipo usadzadabwe, chifukwa ine ndinakhalapo Bupe. Ku Katete ndinali ndi mnzanga Esinati, tinkatunga madzi limodzi ndi kuwerenga buku limodzi. Mayeso a Giledi 7 atatuluka iye anasankhidwa kupita ku sekondale, ine ndinatsala. Anandilembera makalata, ine osayankha. Pa holide anabwera kwathu, ine ndinabisala m'nkhokwe n'kutuma mng'ono wanga kuti akanene kuti ndapita kudimba. Sindinkamuda ayi, ndinkachita manyazi, ndipo manyazi akakula amaoneka ngati chidani. Pomaliza anatopa. Ndinadzamuona patapita zaka zambiri pa Cairo Road akutsika m'galimoto, ndipo tonse awiri tinayang'ana kumbali. Akanagogodanso kamodzi kokha ndikanatuluka m'nkhokwe muja. Choncho Bupe akapanda kukuyankha, ugogodenso. Amene wapita ndiye ali ndi mphamvu zogogoda, wotsala alibe.

Chatsala ndi tsitsi. Pamene tinapita kukaona sukulu ija ndi kukamva zofunika kugula, a matironi anawerenga malamulo pamaso pa makolo ndi ana: mtsikana aliyense watsopano afike atameta, tsitsi lalifupi, zoluka ayi. Podutsa pamene tinakhala ife anaima, n'kugwira tsitsi lako ndi zala ziwiri. "Aa, uyu musamugele. Sisi ya so siimela bwino. Azimanga chabe kumbuyo." Ndipo ine, mayi wamkulu ndi imvi zanga, ndinati chiyani? "Zikomo, ba matironi." Mawu omwe aja a kusikelo. Ndinayenda monyada mpaka pageti. Pagetipo ndi pamene ndinaona kamtsikana kena kochokera kumudzi, kometa kale mpala, thumba la saka m'manja, kakukuyang'ana. Sikanali kokwiya ayi. Kankangophunzira mmene zinthu zimayendera pamalopo, sukulu isanatsegulidwe n'komwe.

Zambiri zimene unalandira osapempha sungathe kuzibweza. Khungu sungalivule, zimene unaphunzira pa tebulo la ku Kabulonga sungazisanze. Koma ichi chokha ungathe kuchikana. M'chipinda chodzaza atsikana ometa, iwe wekha ndi tsitsi lofika pamsana, udzakhala wekhawekha kuposa mmene ndikhalire ine muno, ndipo ukakhoza mayeso adzati wakhozera tsitsi. Ukamete, Tiya. Ukafika upemphe lumo, uwauze a matironi mwaulemu kuti lamulo ndi la onse.

Ndikuti ukamete konko chifukwa ine sindingathe. Tsitsi limenelo ndalipesa kuyambira lili ngati ubweya wa kamwana ka mphaka. Ndinaphunzira ndekha kuliluka, poti limaterera, mukule wake sugwira ngati wa anthu ena, ndipo amayi a ku saluni ankangoligwiragwira n'kumalitama osadziwa poyambira. Lamulungu masana ndi nthawi yokhayo imene umandiuza zinthu, chifukwa sundiona nkhope. Za mnyamata wa ku Libala uja ndinazimvera pamenepo. Za anzako amene ankakutcha mzungu wa mu komboni ndinazimvera pamenepo, ndikunamizira kuti chipeso chakodwa kuti usadziwe kuti ndikulira. Likadulidwa ndizidzamvera kuti? Ndiye taona mayi ako, akulemba kuti umete, chipeso chili pamwendo.

Zina n'zazing'ono. Ndowa ndailemba dzina lako pansi ndi msomali wamoto, poti penti imafufutika. Sopo usamusiye kubafa ngakhale ukungopita kukatenga thaulo. Neti uzigonamo ngakhale kutenthe. Shuga ndi chiponde zimene ndaika m'thirankimo usadyere m'bulangete ngati khoswe, ndipo kamtsikana ka thumba la saka kaja ukakafunefune, ukadziwe dzina lake. Pakamwa pako ndi pakuthwa ngati panga, ndiye kumbukira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Amayi ena akamalemba makalata otere amati usadandaule za ine. Ine sindilemba bodza limenelo. Ndizigula buledi watheka, ndizilankhula ndi wailesi, ndipo Lamulungu masana sindikudziwa kuti manjawa ndiziwaika pati. Uzindidandaula pang'ono, kenaka uzibwerera ku mabuku.

Mvula yayamba, ndipo ndamva geti kulira. Ndiime kaye.

Ndabwereranso pa kalata. Pano uli kubafa, ndiye ndilembe msanga zimene zachitikazi, ngakhale unalipo, kuti udziwe mmene ndazionera ine.

Unalowa utafunda chitenje kumutu chifukwa cha mvula, Bupe ali pambuyo pako ndi kapulasitiki m'manja. Ndinali nditayamba kale kukukalipira kuti mafuta akhala akukudikira masana onse, pamene unachotsa chitenje chija. Mutu mbee. Wometedwa mokwera ndi motsika ngati munda wolimidwa ndi ana.

Woyamba kulankhula anali Bupe. "Ba anti, musamukalipile. Anabwela eka ku shopu, ati nimugele ine, osati ku babashopu. Nayesako, koma sizasi ya ba mayo ni ya nsalu."

"Nanga amai ako anali kuti?" ndinamufunsa.

"Benze pa mashini, kusoka chabe. Koma pamene nafika ku makutu banilanda sizasi. Ati, 'Leta kuno, uzamucheka. Ufuna ayende ku sukulu monga bamudya makoswe?' Ndiye basiliza beka."

Unangoyang'ana thiranki n'kunena kuti, "Mami, basi ni ya mailo kuseni ka? Muniushe."

Ndinalandira kapulasitiki kaja m'manja mwa Bupe. Tsitsi lonse lija, la Malamulungu onse aja, silinalemere ngakhale ngati bansi. Kwathu timameta maliro akatha, kuti olira abwerere ku ntchito zawo, ndipo ndinadziuza kuti nanenso ndilimbe mtima. Sindinalire. Ndinauza Bupe kuti Lamulungu likubwerali abwere, chipeso chisachite ulesi, ndiponso kuti mabuku a Kangwa amene ba madamu andipatsa awatenge iyeyo, ndipo mbaula ndiziyatsira zina. Anavomera ndi mutu. Kenaka anakuyang'ana iwe, n'kuyang'ana ine, n'kukuyang'ananso, n'kuyamba kuseka atagwira pakamwa.

"Ba anti! Kansi Tiya ali na makutu yanu!"

Ndinakugwira mapewa n'kukutembenuzira kuwindo. N'zoonadi. Otambalala onse awiri, a ku Katete enieni, omva mvula ya ku Mozambiki. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapinda ndi chala poluka, n'kuwaphimba ndekha ndi tsitsi, osawaona. Munthu woyamba kunena kuti umafanana nane wanena lero, mawa ukuchoka. Pamenepo ndiye ndinalira, inu awiri mukundiseka.

Malangizo a tsitsi aja afika mochedwa, wanditsogolera, koma sindifufuta. Ndikudzutsa m'mawa. Upite, malo ndi ako, ndipo usaiwale amene watsala. Akakakuseka makutu kumeneko, uwauze kuti ndi a mayi ako.

Ndine amene ndinakubereka,
mayi ako